Maganizo a zojambula mungawapeze kuti?

Achimwene, mwati mukakhala pa kompyuta kuti mupange positala mutu umangouma, mapeto ake mumangotengera za pa Pinterest, tsamba la zithunzi la pa intaneti lija, ndiye zonse zikumafanana. Ine ndinganene kuti tsekani kaye foniyo mutuluke panja.

Kumbukirani magalimoto a mawaya aja tinkapanga tili ana, mateyala a zitsekerero za Fanta, chiwongolero chachitali cha waya yemweyo. Palibe anatiphunzitsa koma mwana ankadziwa kuti Land Rover iyenera kukhala ya makona, minibasi yotalikirapo, kuchotsa zosafunika mpaka chinthu chizindikirike ndi mizere iwiri itatu basi. Logo yabwino imapangidwa chonchonso.

Mukapeza mpata pitani ku Dedza, ku Chongoni kuli zojambula za pamiyala malo 127, bungwe la UNESCO linaziika pa mndandanda wake wa malo a chikhalidwe ofunika pa dziko lonse mu 2006. Zofiira za Akafula zija ndi mizere ndi timabwalo, zoyera za Achewa zikukhudza chinamwali ndi nyau. Mukachoka uko tsikirani ku Mua, ku Kungoni, malo a zachikhalidwe ndi luso omwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, mukaone zigoba za gule wamkulu mmene anasakanizira utoto, kungoti musamangozisindikiza pa malaya mwachisawawa ayi, zina ndi za mwambo, funsani kaye eni ake.

Za mafilimu, yesani kuonera imodzi mutazimitsa mawu, mudzaona mmene amaseweretsera kuwala ndi mitundu. Komanso zikwangwani za mababashopu a ku Ndirande zija musazipeputse, anyamata amenewo zilembo zonse amalemba ndi burashi pamanja.