Tabuleti ya mwana wa kalasi 2: musafulumire kugula

Mayi anzanga a ku Ulónguè ku Mozambique, mwafunsa ngati mugule tabuleti kuti mwana wanu wa kalasi 2 adziwe kuwerenga msanga. Ine ndikuti ndalamazo zisungeni kaye, foni muli nayoyo ikukwanira.

Wanga ankavutika ndi Chipwitikizi, poti pakhomo timayankhula Chinyanja chokhachokha. Aphunzitsi ake anayamba kudzijambula mawu akuwerenga tsamba la buku pang'onopang'ono, n'kumatumiza pagulu la makolo la WhatsApp. Madzulo, nsima ili pamoto, ndimamutsegulira mawuwo, iye kachala pabuku, kulondola liwu ndi liwu, kenako n'kubwereza yekha. Mphindi 15 basi. Itatha miyezi itatu ndinamumva akuwerenga zikwangwani za pamsika mokweza, mtima wanga unachita kuti myaa.

Mawu otere sadya ndalama zambiri. Mukawatsitsa kamodzi pa Movitel kapena Vodacom, mumamvera ngakhale netiweki itathawa. Makanema ndiwo amamaliza ndalama, ndipo mwana mukamusiyira foni yekha amathamangira magemu.

Ngati kalasi yanu ilibe gulu lotere, kaitulireni nkhaniyi kumsonkhano wa komiti ya sukulu, Conselho de Escola. Muganizirenso ana amene kwawo kulibe foni. Kwathu kuno timawaitana kudzamvera limodzi pakhonde.