Funsani Dokotala: Kodi hernia ya mwana wanga idzabweranso?

Funso: Adokotala, mwana wanga wamwamuna wa zaka 3 anamupanga opaleshoni ya hernia (chotupa cha m'mphechepeche) chaka chatha kuno ku Harare, ya kamera ija yosang'amba mimba. Agogo ake ku Mufakose akuti chotupacho chidzabweranso, komanso mwina sadzabereka. Kodi n'zoona?

Yankho: Mayi, hernia ya ana si yofanana ndi ya akulu, sikuti minofu yafooka ayi. Mwana asanabadwe, machende amatsika kuchoka m'mimba mwake kudzera m'kanjira ka m'mphechepeche, ndipo kanjirako kamayenera kutsekeka kokha. Kakapanda kutsekeka, matumbo amalowamo n'kupanga chotupa, ndiyo hernia imeneyo. Ntchito yathu ndi kutseka khomo la kanjirako basi, n'chifukwa chake kwa ana sitiika kaukonde kamene amaikira akulu.

Timaboola pamchombo kabowo ka mamilimita 3 mpaka 5, kulowetsa kamera, kupopera mpweya m'mimba kuti tizionamo bwino, kenako kuzunguliza ulusi pakhomo paja n'kumanga ngati kukamwa kwa thumba.

Kubweranso kumachitika, koma kwa ana ochepa, pafupifupi 1 mpaka 3 mwa ana 100 alionse pamene dokotala ndi wozolowera njirayi. Chimene chimalakwika n'chodziwika. Pakhomo pomwepo pamadutsa mitsempha ya magazi ndi kanjira ka mbewu ya abambo, ndiye poopa kuzivulaza, ulusi ukhoza kudumpha kamalo kakang'ono, matumbo n'kudzapezanso polowera. Nthawi zina mfundo imamasuka, ndipo ulusi wosungunuka m'thupi umabweretsa vutoli kuposa wosasungunuka. Zambiri mwa izi zimaonekera m'chaka choyamba kapena chachiwiri, choncho mwana wanu wadutsa kale mbali yaikulu ya nthawi yoopsayo. Funsani ngati anatsekanso kanjira ka m'mphechepeche mwa mbali inayo, chifukwa kamera imaona mbali zonse ziwiri.

Zoti sadzabereka, agogo asade nkhawa. Kuvulala kwa kanjira ka mbewu sikuchitikachitika, ndipo ngakhale mbali imodzi yokha imakwanira kubereka. Tchende lofota timaliona makamaka kwa ana amene matumbo awo anapanikizika nthawi yaitali opaleshoni isanachitike.

Pomusambitsa madzi ofunda, muzigwira ngati machende onse awiri ali pansi m'thumba mwake ndipo ndi ofanana kukula. Limodzi likakwera osatsikanso, pamafunika opaleshoni yaing'ono yolitsitsa, musadikire kuti akule kaye. Kutupa kofewa kosapweteka nthawi zambiri amakhala madzi, ndipo kachotupa kolimba pachipsera nthawi zambiri imakhala mfundo ya ulusi. Zimenezi mukaonetse kuchipatala, koma si zothamangira usiku.

Chothamangira ndi chotupa cholimba chosabwerera m'kati, mwana akulira kosatonthola, akusanza, kapena khungu lapamenepo lafiira. Musamupatse chakudya, musachikanikize ndi mphamvu, pitani naye ku Sally Mugabe Central Hospital kapena ku Parirenyatwa nthawi yomweyo.