Yusuf ndi Cat Stevens yemwe uja? Nanga chimbale chake cha 2006 chili bho?

Mlongo wina wanditumizira imelo, akuti bambo awo ankakonda kwambiri kaseti ya Cat Stevens, ndiye apeza chimbale cha An Other Cup pa YouTube cholembedwa kuti Yusuf, akufunsa ngati ali munthu mmodzi komanso ngati n'choyenera kutherapo bandulo.

Achemwali, ndi yemweyo ndithu. Mkuluyu anabadwira ku London mu 1948, analowa Chisilamu mu December 1977 n'kudzatenga dzina loti Yusuf Islam mu 1978, apa n'kuti chammbuyomo atatsala pang'ono kumira m'nyanja ku Malibu, ku America. Atatulutsa chimbale cha Back to Earth mu 1978 anagulitsa magitala ake ndalama n'kuthandizira ovutika, mu 1983 anatsegula sukulu ya pulayimale ya Islamia ku London konko. Sikuti anasiyiratu kuimba ayi, ankajambulabe nyimbo zachipembedzo za mawu ndi ng'oma basi, koma gitala sankaligwira mpaka mwana wake wamwamuna atabwera nalo pakhomo. An Other Cup inatuluka mu November 2006, patatha zaka 28 chitulutsireni Back to Earth.

Tsono za bandulo zija, ine ndikuti mverani, koma musapite kukasaka mnyamata wa pa kaseti ya bambo anu uja, simukamupeza. Apa akuimba ndi mdala wa zaka 58, mawu anatsika, sakuthamanga, ndipo mafunso amene ankamusowetsa tulo mu 1970 pano akuwaimba ngati munthu woti yankho analipeza. Ena zimenezi zimawaboowa, amati wafatsa mopitirira, nanenso pali nyimbo zina pakatipo zomwe ndimaona kuti anazidzaza zoimbira zambiri pomwe gitala lokha likanakwana.

Koma mukafika pa Don't Let Me Be Misunderstood mudekhe. Nyimboyi si yake, anayamba kuijambula ndi Nina Simone mu 1964, koma tangoganizani munthu woti mu 2004 ndege yomwe anakwera popita ku Washington anaikhotetsera ku Maine iye n'kubwezedwa ku Britain, kenako akuimba mwapang'onopang'ono kupempha kuti anthu asamumve molakwika, mavayolini akulira kumbuyo, ine zimandikhudza zedi. Pa The Beloved mumvanso mawu a Youssou N'Dour wa ku Senegal. Komanso Alun Davies, amene ankamuimbira gitala kuyambira 1970, alimo, ndipo zimenezi zimandisangalatsa kuti sanataye mnzake wakale.

Ngati kaseti ya bambo ija inali Mona Bone Jakon, I Think I See the Light muizindikira, anaijambulanso kachiwiri pachimbalechi. Yambani ndi yakaleyo ya 1970, kenako muike yatsopanoyi, ndipo ngati madala alipo muwaitane mumvere limodzi, mudzandilemberenso kuti asankha iti.