Funsani Adokotala: Tisaine chikalata cha kafukufuku kapena tikane?

FUNSO: Achimwene anga anachita ngozi ya njinga yamoto ya kabaza pa msewu wa M5 ndipo anathyoka fupa la ntchafu. Atatumizidwa ku chipatala chachikulu, ine ndinapita nawo ngati gadiyani. Tsiku lachiwiri kunabwera namwino ndi chikalata chowapempha kuti alowe m'kafukufuku wa anthu othyoka mafupa. Amayi kumudzi akukana, akuti amenewo amayesera mankhwala pa anthu osauka, ndipo ena afika potchula za anamapopa. Kodi tikakana, achimwene adzasiyidwa osachitidwa opaleshoni?
Mayi wa ku Senga Bay, Salima

YANKHO: Pepani mayi chifukwa cha ngoziyo. Yankho la funso lanu ndi lakuti ayi. Munthu amene wakana kulowa m'kafukufuku ayenera kulandira chithandizo chonse chimene akanalandira kafukufukuyo pakanapanda, ndipo ngakhale amene wasaina ali ndi ufulu wotuluka tsiku lililonse popanda kupereka chifukwa. Mfundo za Helsinki, zimene bungwe la madokotala a dziko lonse linakhazikitsa mu 1964, zimanena zimenezi momveka bwino. Kuno kwathu kafukufuku wokhudza odwala sayamba asanavomerezedwe ndi komiti yoteteza anthu olowa m'kafukufuku, monga NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo kapena komiti ya ku yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu, ndipo akakhala wa mankhwala, bungwe loona za mankhwala la PMRA limaunikanso.

Wosankha ndi achimwene anuwo, popeza ndi munthu wamkulu ndipo akuzindikira bwinobwino. Amayi angalangize, inunso mungalangize, koma dzanja losaina ndi lawo.

Musanatsutsane kunyumba, dziwani kaye mtundu wa kafukufuku amene akunenedwayo, chifukwa mawu amodzimodziwa amaphimba ntchito zosiyana kwambiri. Kafukufuku wambiri wa anthu ovulala ndi wongolemba: ngozi inachitika bwanji, wodwala anafika patapita maola angati, analandira chithandizo chotani, ndipo pakatha miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi akuyenda motani. Chipatala cha Kamuzu Central, mogwirizana ndi yunivesite ya North Carolina, chakhala chikusunga kaundula wa anthu ovulala kuyambira mu 2008. Mtundu wina ndi woyerekeza njira ziwiri zochiritsira, ndipo apa odwala amagawidwa mwa maere, kawirikawiri ndi kompyuta. Anthu ambiri amadabwa akamva za maere, koma cholinga chake n'chakuti dokotala asaike odwala amphamvu mbali imodzi n'kusiya ofooka mbali inayo, zimene zingachititse njira ina kuoneka yabwino pamene si yabwino. Maere amaloledwa pokhapokha ngati madokotala sakudziwadi njira yoposa inzake.

Fupa la ntchafu lomwelo likutipatsa chitsanzo. Kwa zaka zambiri, wothyoka fupali amagonekedwa pabedi mwendo atauboola ndi kachitsulo n'kuumangirira ku zolemera, ndipo amakhala choncho milungu isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, gadiyani akuphika kunja kwa wodi, munda ukuonongeka, bwato lili pamtunda. Njira ina ndi kulowetsa chitsulo chachitali m'kati mwa fupa, ndipo wodwala amadzuka ndi ndodo pakangopita masiku ochepa. Ambiri ankaganiza kuti opaleshoni yotere ndi yodula kwambiri kwa dziko losauka ngati lathu. Ofufuza atatsatira odwala m'zipatala za m'Malawi momwe muno, anapeza kuti oikidwa chitsulo amabwerera msanga ku moyo wawo, ndipo ndalama zonse zikawerengedwa, kugoneka munthu m'wodi milungu yonseyo n'kumene kumadya zambiri. Umboni umenewu unachokera kwa odwala amene anavomera kufunsidwa ndi kupimidwa, monga momwe achimwene anu akupemphedwera lero.

Chitsanzo china ndi cha mankhwala otchedwa tranexamic acid, amene amathandiza magazi kuundana. Kafukufuku wa CRASH-2, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2010, anakhudza anthu ovulala oposa 20,000 m'maiko 40. Mwa olandira mankhwalawo anamwalira 14.5 pa 100 alionse, pamene mwa osalandira anamwalira 16. Kusiyanaku kukuoneka kochepa, ndipo dokotala mmodzi sakanakuzindikira ndi maso ake ngakhale atagwira ntchito moyo wake wonse, n'chifukwa chake pankafunika anthu ochuluka chotero. Kunapezekanso kuti mankhwalawa amathandiza akaperekedwa asanathe maola atatu chivulalireni, mfundo yofunika kwambiri kwa ife a kunyanja, amene ulendo wochoka pamalo a ngozi kukafika m'manja mwa madokotala umatitengera nthawi yaitali.

Mantha a amayi musawaseke. M'mbiri ya zachipatala alipo anthu amene anachitidwa kafukufuku osauzidwa zoona, ndipo malamulo ndatchulawa anabadwa chifukwa cha nkhanza zoterozo. Za anamapopa zokha ndi mphekesera chabe. Ngati kafukufuku akufuna magazi, amatenga ochepa a m'kabotolo kakang'ono, ndipo chikalata chiyenera kunena kuchuluka kwake, kumene akapimidwe ndiponso ngati adzasungidwa.

Pemphani chikalatacho m'Chichewa, muwerenge limodzi ndi achimwene popanda kufulumizidwa. Afunse ngati kulowa kwawo kusintha chithandizo chimene alandire, kuopsa kumene kungakhalepo, maulendo angati amene adzafunike kubwereranso kuchokera ku Salima, ndiponso amene adzalipire thiransipoti. Aonenso ngati pali dzina la komiti imene inavomereza ndi nambala ya foni yokadandaulirako. Ngati sadziwa kulemba, adinde chala pamaso pa mboni yosakhala ya gulu la ofufuzawo, ndipo asaiwale kutenga kope lawo, limene mungakawawerengere amayi mukabwerera kumudzi.