Bwanji nyimbo za Khirisimasi zimangokhala zomwezomwezo?

Achimwene, mwafunsa kuti n'chifukwa chiyani Disembala akangofika, kuyambira pa Dyeratu, Nchalo, Ngabu mpaka pa boma la Nsanje, masipika onse amangolira nyimbo zomwezomwezo. Mwafunsanso kuti tikuimbiranji za chipale chofewa ife anthu ogona pakhonde chifukwa cha kutentha. Lachiwirili landiseketsa, koma ndiyambe ndi loyambalo.

Nyimbozi zinatifika m'njira ziwiri, tchalitchi ndi wayilesi. Ya Silent Night, imene makwaya athu amaimba m'Chichewa, inaimbidwa koyamba mu 1818 ku Oberndorf m'dziko la Austria. Analemba mawu ake ndi wansembe Joseph Mohr, Franz Gruber n'kupeka kaimbidwe, ndipo usiku umenewo anaiimba ndi gitala basi. Zoterezi anabwera nazo amishoni, zinalowa m'mabuku a nyimbo, ndiye sizingachoke.

Za pawayilesi ndiye Jim Reeves ndi Boney M. Chimbale cha Khirisimasi cha Jim Reeves chinatuluka mu 1963, mwiniwake n'kumwalira pangozi ya ndege chaka chotsatira, koma mpaka lero madala akamva mawu ake aja amasiya kaye zokamba. Mary's Boy Child ija siinayambe ndi Boney M ayi. Anayamba kuitchukitsa ndi Harry Belafonte mu 1956, iwowa anadzaibwereza mu 1978 ataithira kamdidi kovinika. Gululo linapangidwira ku Germany koma oimba ake anachokera kuzilumba za Caribbean, kotentha ngati kwathu kuno. Ine ndimaona kuti n'chifukwa chake inatikhala bwino m'khutu. Imakamba za kubadwa kwa Yesu, nkhani yoti aliyense akuidziwa, komanso munthu umatha kuigwedezera phewa uku ukusankha mpunga.

Nanga bwanji sizitha fasho? Nyimbo yatsopano ikatchuka imalira tsiku ndi tsiku, m'minibasi, m'magolosale, pafoni ya wakabaza, mpaka imafika pokola. Ya Khirisimasi imalira milungu itatu kapena inayi, kenako imakabisala miyezi khumi ndi umodzi. Pobweranso imapeza tayamba kuisowa. Ndipo sibwera yokha. Imakukumbutsa malaya atsopano amene unkagona utawaika kumutu, fungo la nkhuku, Fanta mmodzi wogawana ana atatu, abale akutsika basi kuchokera ku Blantyre ndi zikwama. Anyamata oika nyimbo m'mamemore khadi pa Bangula amazidziwa bwino zimenezi, sangakuikireni zachilendo pamene kasitomala akufuna imene ankamvera pa kaseti ya bambo ake.

Tsono pa za chipale paja, ndikutsutsaniko pang'ono. Si zonse zinamera kuno. Jingle Bells, imene James Pierpont anaitulutsa mu 1857, satchulamo Khirisimasi kapena Yesu ngakhale kamodzi, ndi nyimbo yokwera kangolo kokokedwa ndi kavalo pa chipale. Kuno imamveka kwambiri m'zotsatsa malonda ndi m'timagetsi tothwanima tija. White Christmas ya Bing Crosby ya mu 1942, yotchuka dziko lonse, munaonapo munthu akuipempha pa msika wa Ngabu? Tinapeta, achimwene, zina zinapita ndi mphepo.

Chimene chimandiwawa ine n'china. Nyimbo zokoma kwenikweni za nyengoyi kuno kuchigwa zimamveka m'tchalitchi usiku wa pa 24, ng'oma zikulira, amayi akuimba nthungululu, thukuta lili kamukamu, kwaya ikusinthanitsa Chisena ndi Chimang'anja. Zambiri amapeka ndi aphunzitsi a kwaya a m'midzi momwemu. Akaimba chaka chimenecho, basi, mwina chaka chamawa apekanso ina. Nyimbo yosajambulidwa siingapikisane ndi chimbale chimene chakhala chikulira kuyambira 1978. Tili ndi valimba ku Nsanje kuno, choimbira choti alendo amachita kudabwa nacho, koma ikafika Khirisimasi timaisiya pakona n'kuyatsa sipika.

Ndiye amene muli m'makwaya m'gulu lino, kaya ku Makhanga, ku Tengani kapena ku Chapananga, chaka chino jambulani ngakhale ndi foni, muike pano, mutiuzenso dzina la kwaya yanu. Foniyo muiike patali pang'ono ndi ng'oma, apo ayi mawu a oimba sadzamveka.