Amwene, musagule gemu chifukwa cha dzina la munthu wa mafilimu

Amwene, funso lanu ndaliona. Mwati mumakonda mafilimu ndiye mukufuna kuyamba magemu a RPG awa a malupanga, afiti ndi zinjoka, koma akhale oti muli mawu a akatswiri otchuka a mafilimu, mwafunsanso za kontrola yabwino ndi ngati laputopu yanu ingakoke. Za kontrola ayankha ena, ine ndi wa kiyibodi ndi mausi kuyambira kalekale. Ndiyankha za mawuzo chifukwa apo ndiye ndinapsapo ndithu.

Koma kaye, amene wakulemberani Cyberpunk ya Keanu Reeves uja funso sanaliwerenge. Munthu akufunsa za malupanga ndi matsenga, inu mukumupatsa mfuti ndi magalimoto. Winanso wati Fallout 3 poti muli Liam Neeson, eya alimodi, koma imeneyo ndi ya mabomba a nyukiliya, chinjoka simuchipezamo.

Ine ndinagula Oblivion, ya 2006 ija, chifukwa cha dzina limodzi basi, Patrick Stewart. Ndinamva zoti iyeyo ndiye mfumu yaikulu Uriel Septim, ndiye m'mutu mwangamu ndinkaona ndikuyenda naye gemu yonse, akundilangiza, akundikalipira ndi mawu ake aja okhala ngati akuchokera m'chitsime. Gemu ikuyamba, akulankhula ndi iyeyo, tsitsi kuchita kuima. Kenako uli m'ndende, mfumu ikubwera ndi asilikali ake kudzadutsira m'selo mwako chifukwa muli khomo lachinsinsi, ikukuyang'ana n'kunena kuti nkhope yakoyi inaiona m'maloto, ine apa ndiye ndasangalala kuti ndalama zanga zapita pabwino. Tayenda pang'ono m'mapanga, ndapha makoswe angapo, mfumu yandipatsa mkanda wake wachifumu kuti ndikapereke kwa munthu wina, basi chigawenga chovala zofiira chatulukira m'khoma n'kuibaya. Yafa. Ola linali lisanakwane n'komwe, ndinali ndisanatuluke panja kukaona dzuwa la m'gemumo. Ndinangoti kakasi pa mpando, ndinayambiranso kawiri poganiza kuti mwina ndalakwitsa penapake ndipo ndingathe kumupulumutsa, ayi ndithu, nkhani inalembedwa choncho. Wolakwa ndinali ine ndemwe, ndinangoona dzina n'kutulutsa ndalama osafufuza kuti munthuyo amalankhula kwa nthawi yaitali bwanji. Chikomekome cha nkuyu chija.

Ndiye dziwani momwe zimayendera. Katswiri wa mafilimu ndi wodula, ndipo nthawi yake ndi yochepa, ndiye opanga magemu amamuitana ku situdiyo kwa tsiku limodzi kapena awiri, amupatsa munthu wofunika mu nkhani koma wolankhula pang'ono, mfumu, nkhalamba yanzeru, kapena mdani wamkulu amene ukumana naye kumapeto. Dzina lake ndi limene limakhala patsogolo potsatsa malonda. Koma gemu ya RPG umakhala nayo maola 60, 100, ena mpaka 200, ndipo nthawi yonseyo amene akukulankhulitsa ndi anthu a ntchito ya mawu enieni, amene mayina awo simunawamvepo. Mu Oblivion yakaleyo anthu ochepa okha ndi amene ankalankhulira mazanamazana a anthu a m'gemu, moti umapezeka mlonda wa pa geti, wogulitsa malupanga ndi wakuba wa m'tchire onse mawu ndi amodzi, nthawi zina awiri akucheza okhaokha mawu ofanana ngati munthu akudziyankha yekha. Poyamba zimanyansa, ukazolowera umangoseka.

Kunena chilungamo, Oblivion yomweyo ili ndi Sean Bean ndipo iyeyo ndiye amakhalitsa. Ndi Martin, wansembe wa ku Kvatch amene sadziwa kuti ndi mwana wa mfumu ija, ndipo umayenda naye nkhani yaikulu yonse mpaka kumapeto. Inu okonda mafilimu mukudziwa zimene zimamuchitikira Sean Bean kawirikawiri, ndiye sindinena zambiri. Terence Stamp naye alimo, ndi Mankar Camoran mtsogoleri wa zigawenga zofiira zija, ali ndi ulaliki wake wina wautali umene umaumva ukuyenda m'paradaiso wake, pamenepo pokha ndiye ndinamva kuti uyu ndi katswiridi. Oblivion yatsopano imene anaikonzanso mu 2025 mawu a anthu atatuwa anawasiya momwemo, koma ndi yolemera, imadya malo opitirira 100 GB ndipo mtengo wake ndi cha m'ma 50 dollars. Ngati laputopu yanu ndi ya ntchito za mu ofesi musayerekeze, tengani yakaleyo, imayenda pa chilichonse ndipo pa sale imatsika mpaka madola ochepa chabe.

Skyrim ya 2011 nayo chenjezo ndi lomwelo. Mayina alimo akuluakulu, Christopher Plummer, Max von Sydow, Joan Allen, koma kuti muwapeze muyenera kutsatira nkhani yaikulu, ndipo vuto la Skyrim ndi loti palibe amene amatsatira nkhani yaikulu. Umanyamuka kuti ukaone a Greybeards, nkhalamba zanzeru zokhala pa phiri, panjira waona phanga, m'phangamo wapeza kalata, kalatayo yakutumiza mzinda wina, mwezi watha uli ndi nyumba ndi mkazi koma phiri lija sunakwere. Plummer ndi Arngeir, nkhalamba ya ku High Hrothgar pamwamba pa masitepe amene amati ndi 7,000 aja. Von Sydow ndi Esbern, wabisala m'ngalande za pansi pa Riften kuseri kwa chitseko cha maloko ambirimbiri. Joan Allen ndi Delphine wa pa nyumba ya alendo ku Riverwood, ndipo anthu ambiri amadana naye Delphine yo chifukwa cha chinthu china chimene amadzakulamula kumapeto, mukafika mudzandiuza. Madala awiriwa anatisiya, von Sydow mu 2020, Plummer mu 2021, ndiye masiku ano ndikamakwera phiri lija ndimamvetsera bwinobwino osadumpha mawu. Komabe munthu amene onse amamukumbukira mu Skyrim si wa mafilimu ayi, ndi chinjoka chokalamba Paarthurnax, ndipo amene amachilankhulira ndi Charles Martinet, yemwe uja wa mawu a Mario kwa zaka zambiri. Tsiku limene ndinazidziwa ndinaseka ndekha usiku. Skyrim Special Edition imakhala cha m'ma 40 dollars koma musagule mtengo umenewo, dikirani sale, imafika cha m'ma 10.

Tsopano ngati chimene mukufunadi ndi kumva anthu a mafilimu kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ine yanga ndi imodzi, Fable III ya 2010. Anthu amainyoza kuti ndi yophweka, kumenyana kwake ndi kwa ana, sufa n'komwe umangodzuka ndi chipsera, zonsezo ndi zoona sindikana. Koma pa nkhani ya mawu palibe inzake. Mchimwene wako mfumu yankhanza Logan ndi Michael Fassbender. Wantchito wako Jasper ndi John Cleese, ndipo apa ndi pamene anachita mwanzeru chifukwa mu gemu imeneyi ukadina pause sumaona menyu, umalowa m'chipinda momwe muli zovala, zida ndi mapu ako, ndipo Jasper amakhala momwemo, ndiye Cleese umamumva nthawi iliyonse ukafuna kusintha malaya, akukunyogodola mwaulemu. Mphunzitsi wako Sir Walter ndi Bernard Hill, amayenda nawe pafupifupi gemu yonse ndipo pali gawo lina la m'phanga la mdima ku Aurora limene linandigwira mtima kuposa mafilimu ambiri. Ben Kingsley ndi Sabine, mtsogoleri wa anthu a kumapiri wokonda zophulitsa, Simon Pegg ndi msilikali Ben Finn, Naomie Harris ndi Page wotsogolera oukira, ndiye pali Stephen Fry ngati Reaver, mwini mafakitale woipa mtima koma wolankhula mokoma moti umalephera kudana naye. Ukalanda ufumu nkhani simathera pompo, umakhala pa mpando kuweruza milandu, uku Page akukukumbutsa zimene unalonjeza anthu, uku Reaver akukunong'oneza njira zachidule zopezera ndalama, ndipo mosungira chuma mukufunika golide 6,500,000 mdani asanafike apo ayi anthu ako afa. Ulendo woyamba ndinasunga malonjezo onse, ndinatha ndili mfumu yokondedwa ya dziko lopanda anthu. Langizo laulere, gulani nyumba ndi mashopu kuyambira koyambirira muzitolera lendi.

Koma Fable III yo ili ndi msampha wake. Ya pa kompyuta inachotsedwa kalekale pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, njira yosavuta ndi Xbox, imayenda pa 360 komanso pa zatsopanozi. Ine ndinachita makani ndinakagula kodi (code) yotsegulira gemuyo pa webusaiti ina ya anthu ogulitsanso makodi, ndalama zinapita, kodi ikukana, ndikawalembera akungondiyankha ndi uthenga umodzimodzi wa makina mpaka ndinatopa. Ndiye ngati mulibe Xbox bwerekani kwa mnzanu, musapite kwa anthu amenewo, mudzalira ngati ine.

Baldur's Gate 3 ya 2023 ambiri akuuzani kale ndipo sakunama, ndi gemu yabwino kuposa zonse ndatchulazi. Koma musaigule chifukwa cha J.K. Simmons ndi Jason Isaacs. Simmons ndi Ketheric Thorm, umakumana naye mu gawo lachiwiri ku Moonrise Towers utasewera kale maola makumi angapo, ndipo malo ake oyamba aja akuweruza ma goblin ndi oopsadi, koma ukawerengera mphindi zimene amalankhula ndi zochepa. Isaacs ndi Gortash, iyeyo amangooneka pang'ono kumapeto kwa gawo lachiwiri, kwenikweni ndiye mpaka gawo lachitatu, anthu ena amasiya gemu asanamuone bwinobwino. Amene ananyamula gemu imeneyi ndi Neil Newbon wa Astarion, mmodzi mwa anzako oyenda nawo, anachita mawu ndi kayendedwe ka thupi komwe atavala zovala zija za timadontho zojambulira mayendedwe a munthu, ndipo ndi amene analandira mphoto ya Best Performance ku The Game Awards chaka chimenecho, osati a Hollywood aja. Jennifer English wa Shadowheart naye anainyamula gemuyi, ndi Amelia Tyler wofotokoza nkhani amene umamumva pafupifupi mphindi iliyonse. Dziwaninso kuti kumenyana kwake ndi kosinthana, iwe umenye iye amenye, ndi kuponya dayisi pa chilichonse ngakhale kutsegula loko, ngati mumafuna zothamanga mugona. Mtengo cha m'ma 60 dollars, simatsika kwambiri, ndipo imafuna malo cha m'ma 150 GB, ndiye ganizirani intaneti yanu musanayambe kudawuniloda.

The Witcher 3 ndi nkhani yomweyo, Charles Dance ndi mfumu Emhyr, umamuona ku Vizima koyambirira kenako apa ndi apo, maola ena onsewo uli ndi mawu a Doug Cockle wa Geralt, munthu amene umasewera, akung'ung'udza. Pa sale ndi cha m'ma 10 dollars ndi zowonjezera zake ziwiri, imeneyo gulani osaganiza kawiri. Dragon Age: Origins ya 2009 muli Tim Curry koma naye ndi wa kamphindi, amene amakoma ndi Kate Mulgrew ngati mfiti Flemeth. The Elder Scrolls Online ili ndi gulu lonse, Michael Gambon, Kate Beckinsale, Bill Nighy, Alfred Molina, Malcolm McDowell ndi Cleese yemweyo atavala poto kumutu, koma ndi ya pa intaneti nthawi zonse, netiweki ikangodula basi mwatuluka.

Yatsopano imene anthu akuikamba, Clair Obscur: Expedition 33 ya 2025 yopangidwa ku France, muli Charlie Cox ndi Andy Serkis. Cox mwiniwake ananena poyera kuti mbali yake anajambula maola anayi okha ndipo amachita manyazi anthu akamamutamanda, akuti ulemu upite kwa amene anachita kayendedwe ka thupi la Gustave, munthu amene Cox amamulankhulira mu gemumo. Ndiye mukuona zimene ndikunena zija, wanena ndi mwiniwake. Ngati mukuigula chifukwa cha Cox yekha, kumbukirani nkhani yanga ya Patrick Stewart, ndasiyira pomwepo.

Kanthu kena kakang'ono kamene anthu amaiwala, mayina onsewa ali pa mawu a Chingerezi okha. Mnzanga wina anaika Witcher pa Chipolishi poti akuti ndiye chenicheni, kenako n'kumadandaula kuti Charles Dance sakumumva. Onani ma settings musanayambe, ndipo yatsani ma subtitle chifukwa kalankhulidwe ka anthu ena a mu Fable ndi ka kumidzi ya ku Britain, khutu limatenga nthawi kuti lizolowere. Musanalipire chilichonse lembani dzina la katswiriyo ndi dzina la gemu pa YouTube, anthu amasonkhanitsa malo onse amene iye akulankhula mu vidiyo imodzi, musaonere chifukwa muononga nkhani, ingoyang'anani kutalika kwake. Mukaona mphindi 12 ndiye mwadziwa chimene mukugula.

Za laputopuyo lembani RAM yake ndi graphics card, kungoti ndi yatsopano sizikutithandiza.