Mphwanga, usagule galimoto podalira tchaja ya m'tauni

Eee, moni nonse pagulu pano, a kuno ku Harare ndi a kumudzi omwe. Ndijambule mawu, kulemba kungandichedwetse. Mphwanga, funso lako ndaliona m'mawa. Ukuti wapeza galimoto yamagetsi ya Nissan Leaf yochokera ku Japan pamtengo wabwino, ukufuna uzinyamula anthu pa inDrive, pulogalamu ya pafoni yoitanira takisi ija, ndipo poti kumene ukuchita lendi ku Chitungwiza kulibe potchajira, uzidzadalira tchaja yothamanga ija ya pa filing'i siteshoni imene ndimapitako ine. Ndiye ukufunsa ngati n'zoona kuti mphindi 30 basi galimoto yadzadza.

Tchajayo ndi yabwino, ineyo yandipulumutsapo, koma usagule galimoto poidalira. Tamvera.

Tiyambe ndi mphindi 30 zakozo. Makina aja ndi a makilowati 50. Leaf ngati yangayi, ya batire ya 40 kWh, ukafika nayo itatsala ndi 20 peresenti, kuti ikwere kufika pa 80 pamafunika mphindi 40, mwina mpaka ola. Wamva ndati 80, sindinati 100. Ikadutsa pa 80 moto umalowa mwapang'onopang'ono, galimotoyo imachita dala poteteza batire. Zili ngati kuthira chimanga m'thumba, poyamba umangokhuthula, koma likayandikira kukamwa uyambe kugwedeza, kutsendera, kuthira ndi manja. Ndiye odziwa amazula pa 80 n'kumapita. Osadziwa ndi amene timakangana nawo. Tsiku lina bambo wina anailumikiza yake n'kupita kukadya, ife tili pamzere maso ali pa sikirini, 91, kenako zii, 92. Mayi wina wa BYD, galimoto yamagetsi ya kampani ya ku China, amene anali patsogolo panga anachita kukawasaka kumene amadyako. Atabwera, pakamwa pali mafuta, akuti ndalama ndi zanga, ndichoka ikadzadza. Ungawatani? Palibe lamulo lolembedwa pakhoma, timangodalira ulemu. Komanso makinawo ngakhale ali ndi zingwe ziwiri, amatchaja galimoto imodzi pa nthawi. Ukapeza anthu awiri patsogolo, m'mawa wako wapita. Iwe wa inDrive, nthawi imeneyo anzako a Honda Fit akutola makasitomala ako.

Zingwe ziwirizo ndikufuna uzimvetse bwino, chifukwa apa ndi pamene anthu akulira. Magalimoto amagetsi sakhala ndi pulagi yofanana ayi. A ku Japan, monga Leaf, pulagi yawo yothamangira imatchedwa CHAdeMO, yaikulu yozungulira. A ku Ulaya, ndi ma BYD ogulidwa kwa madila, amagwiritsa ntchito CCS2. Ndiye pali a ku China amene munthu wangoitanitsa yekha kuchokera komweko, amenewo amabwera ndi ina, GB/T. Ndinaona mnyamata wina atabwera ndi yoteroyo, yatsopano, mapulasitiki akadali pamipando. Anayesa chingwe ichi, sichikulowa. Anayesa icho, chimodzimodzi. Anaima atagwira m'chiuno, batire ili pa 9 peresenti, mpaka anapempha anyamata a pashopu kuti alumikize pa soketi wamba kuseri kwa furiji ya zakumwa. Adaputa ilipo, koma mtengo wake ungakulipirire lendi miyezi ingapo. Kwa ife a Leaf chodetsa nkhawa n'choti CHAdeMO ikutha pang'onopang'ono padziko lonse. Eni ake a Nissan, magalimoto awo atsopano a ku Ulaya akuwaika CCS2. Ndiye tchaja yatsopano ikamatsegulidwa penapake, usathamangire kusangalala, yamba wafunsa kuti ili ndi chingwe chanji.

Tsono nkhani yaikulu kwa iweyo ndi kutentha. Batire ya Leaf ilibe choiziziritsa, ilibe madzi ozungulira ngati magalimoto ena amagetsi, imangodikira mphepo. Kutchaja mothamanga kumaitenthetsa. Kamodzi patsiku palibe vuto. Koma mwezi wa Okutobala, dzuwa lili pamutu, wayenda tsiku lonse pakati pa Chitungwiza, tauni ndi Borrowdale, n'kubwera kudzatchaja kachiwiri, udzaona kageji ka kutentha kakwera, ndipo galimoto ikukana kulandira moto wambiri. Makina a makilowati 50 amayamba kupereka theka, mwinanso osafika. Mphindi 40 zija zimasanduka ola ndi theka. Ukamachita zimenezo tsiku ndi tsiku batire imakalamba msanga, ndipo batire ndiye galimotoyo. Zina zonsezi ndi mipando ndi matayala.

Pa dashibodi ya Leaf pamakhala timizere 12 tosonyeza moyo wa batire. Kamzere koyamba kakazima ndiye kuti mphamvu pafupifupi 15 peresenti yapita, sibwereranso. Wogulitsayo umuuze akutumizire chithunzi cha timizereto, osati cha mawilo owala. Umufunsenso kuti batire yake ndi iti. Zakale zija za 24 kWh, zikatopa, makilomita 100 umawapeza movutikira. Yangayi imandipatsa cha m'ma 200 ngati sindikuthamanga. Uonenso chaka chake, paja boma linaletsa kulowetsa magalimoto opitirira zaka 10. Msonkho wokha ndiye anatiganizirako, wa magalimoto amagetsi unatsika kuchoka pa 40 kufika pa 25 peresenti kuyambira Januwale 2025.

Za magetsi a ZESA, kampani ya magetsi kuno ku Zimbabwe, sindingakuuze zachilendo, tonse timakhala mumdima womwewo. Madzi akachepa ku damu la magetsi la Kariba timadziwa chotsatira. Anawonjezera makina awiri opangira magetsi ku Hwange mu 2023, mamegawati 600, zinapepukako, koma kuzima sikunathe. Magetsi akazima pa siteshoni paja, jenereta imayendetsa mapampu a petulo ndi mafuriji, tchaja ayi, imafuna moto wambiri. Pena magetsi alipo koma netiweki yavuta, kulipira pafoni kukukanika. Pena zonse zili bwino koma kombi yaima pamalo potchajira, dalaivala wapita kukasintha ndalama. N'chifukwa chake eni magalimotowa tili ndi kagulu kathu ka WhatsApp, ndipo uthenga umene umalembedwa kwambiri ndi umodzi, kodi lero ikugwira? Munthu asananyamuke amayamba wafunsa. Komatu anthu ake ndi abwino. Pamzere pomwepo ndi pamene ndinadziwira makaniko wodziwa mabatire, ndi pomwenso tinaseka tsiku lina kuti lithiamu akukumbidwa pompano ku Goromonzi ndi ku Bikita, amapita ku China, n'kubwerera ali m'batire yoti ife tiilipirire msonkho.

Ukhoza kufunsa kuti nanga malume mukuisungiranji galimotoyo. Chifukwa ine ndimatchajira kunyumba. Ngakhale masiku ovuta, magetsi amakonda kubwera cha m'ma 10 usiku n'kuchoka cha m'ma 5 m'mawa. Ndikalumikiza pa soketi ya m'galaja, ola lililonse limandipatsa makilomita pafupifupi 15. Pofika m'mawa ndapeza 100, okwanira kupita ku ntchito, kukatenga azakhali ako kumsika ku Mbare, n'kubwerera. Masana sola ija tinaika imathandizako Loweruka ndi Lamlungu. Makilomita 100 amenewo amadya mayunitsi 15 kapena 16. Yerekeza ndi malita 6 kapena 7 a petulo, uona wekha kusiyana kwake. Oilo sindisintha, mapulagi a injini kulibe, mabuleki amakhalitsa chifukwa ukachotsa phazi galimoto imadzichepetsa yokha liwiro n'kumabwezera moto m'batire. Pa tchaja yothamanga ndimapitapo zikandithina, mwina kwagwa maliro kutali kapena usiku magetsi sanabwere. Ndipo pamenepo yuniti imadula kuposa ya kunyumba, ndiye ukamatchajira pomwepo tsiku lililonse phindu lija limaphwa.

Iweyo vuto lako ndi mita. Mumagawana imodzi ndi alandilodi ndi mabanja ena, eti? Paja tokeni ya ZESA mayunitsi oyamba pamwezi ndi otchipa, ukamagulabe mtengo umakwera. Iwe ukalumikiza galimoto usiku uliwonse, otchipawo atha sabata yoyamba, ndipo nyumba yonse ikuda. Ndiye usanapereke ndalama kwa wogulitsa, kakhale pansi ndi alandilodi. Afunse ngati angalole uike kamita kakokako ndi soketi yolimba panja, yokokedwa ndi wamagetsi weniweni, osati ekisitenshoni yodutsa pawindo, imeneyo imasungunuka. Wamagetsiyo aonenso chingwe chobwera ndi galimoto, chifukwa cha ku Japan anachipangira mavoti 200, pomwe athu kuno ndi 220 mpaka 240. Akakana alandilodi, usakakamire. Gula Toyota Aqua kapena Fit ya hybrid, yoyendera petulo ndi batire pamodzi, imamwa pang'ono, ndipo suimirira pamzere kudikira munthu amalize kudya.

Bwera Loweruka m'mawa. Tikatchaje limodzi yangayi uone ndi maso ako, uyendetseko, kenako tikaone imene wapezayo ngati ili kale kuno. Ndili ndi kachipangizo kolowetsa pansi pa chiwongolero, kamalumikizana ndi pulogalamu ya pafoni yotchedwa LeafSpy. Kamaonetsa moyo weniweni wa batire, ndi kuti galimotoyo yatchajidwapo mothamanga kangati chiipangireni. Wogulitsa akakana kuti tilowetse, tizibwerera.

Achemwali, ndaona mwalemba pansipa kuti mwanayu akagula, Khirisimasi ino tipite nayo kumudzi. Iyayi, chemwali. Kuchoka pano kukafika ku boda ya Nyamapanda kokha ndi makilomita oposa 230, ndiye pakhale Tete, pakhale Zobue, pakhale Mwanza, titanyamula mashuga ndi mabulangete. Tikagona kuthengo tisanaone n'komwe mlatho wa Zambezi. Wa kumudzi tikwera basi monga mwa masiku onse. Mphwanga, unditumizire chithunzi cha timizere tija lero lomwe.